Mavalavu Awiri Kumsana Kwanga

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa amalume anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, chifukwa pali nkhani imene mwakhala mukuimva kwa anthu ena, yoti mayi wanu anachotsedwa pa Chikwa chifukwa cha mwano. Sindikana. Koma poti manje ndapuma ntchito, palibenso wondilembera kalata yoipa, mumve kwa mwiniwakene mmene zinayendera, pamodzi ndi zina zimene ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

1953

Ndinatsikira m'chigwa mwezi wa Ogasiti, satifiketi ya uphunzitsi ili pansi pa sutikesi, iwe Tamara uli kumsana ndi miyezi isanu yokha. Lole inatisiya pamene msewu wochokera ku Lundazi unathera, kotsalako tinayenda pansi masiku awiri. Ku Chikwa ndinapempha ndekha, poti ndi kwawo kwa atate wanu. Iwo anali atapita kumigodi ine ndili ndi pakati, ndipo ndinaganiza kuti pafupi ndi abale awo mwana sangandifere ndili ndekha. Mantha amenewo ndinkadzuka nawo tsiku lililonse. Pophunzitsa ndinkakugoneka pamkeka kuseri kwa bolodi, ndipo pakati pa samu ndinkasiya choko kukaika dzanja pachifuwa pako kuti ndimve ngati ukupuma. Mantha achiwiri anali a ntchito. Tsiku londipatsa malo, kalaliki wa ku ofesi anandiuza osandiyang'ana n'komwe: "Mayi, akazi apabanja sitiwasunga nthawi yaitali. Kalata imodzi yoipa, mukagwira khasu." Ine kwathu kumtunda, Chisenga, chilankhulo cha m'chigwamo, ndinkachimva mwa apo ndi apo, mwamuna kulibe, mwana wodwaladwala. Ntchito ija ndiyo inali nyumba yanga, munda wanga ndi mankhwala ako.

Pamwamba pa kuphunzitsa anandipatsa udindo wina, wosunga wailesi ya anthu onse. Inu manje mumadziwa wailesi yolowa m'thumba. Yathu inali katundu wa anthu atatu. Panali wailesi yeniyeniyo, yokoka mawu a ku Lusaka kudzera pa waya womangidwa pamwamba pa mtengo. Panali kabokosi kachitsulo kokuzira mawu, kamene tinkati ampulifaya, kokhala ndi mavalavu awiri, timabotolo tagalasi tonga chala chachikulu, tokhala ndi kawaya kofiira ngati khala m'kati mwake. Panali sipika yaing'ono m'kabokosi ka mlombwa, kukula kwake ngati Baibulo la paguwa. Ndiye batire, lolemera ngati njerwa zinayi, limene linkabwera pamutu pa munthu kawiri pachaka.

Kusukulu ya uphunzitsi anatiphunzitsa zimenezi masabata awiri okha. Wotiphunzitsa anali a Sakala, kamunthu kakafupi kakuda zala ndi utsi wa ntchito yawo, ndipo atsikana ambiri ankawaseka. Ine ndinkalemba chilichonse, osati chifukwa chokonda mawaya, koma chifukwa choopa kulakwa. Iwo ankati: "Kaampulifaya aka mphamvu yake ndi yochepa, koma mawu ake ndi okoma ngati munthu ali pafupi nawe. Kamafuna sipika yopepuka, yomva msanga. Muziika sipikayo pashelefu, pakona, kuti makoma azithandiza kunenepetsa mawu. Musamakapatse chisipika chachikulu. Mwana ukamusenzetsa mtondo sakula, amathyoka khosi." Chinanso anatichititsa kuchinena mokweza katatu ngati ana a Sabu A: "Batire limodzi basi. Mukalumikiza awiri kuti muonjezere mphamvu, tiwaya ta m'mavalavu tipsa nthawi yomweyo, ndipo ena mukawapeza ku Lusaka kokha."

Miyezi yoyamba ndinachita monga anandiphunzitsira. Loweruka lililonse madzulo, dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndinkaika sipika pashelefu ya mabuku m'kalasi, ndipo mawu ankamveka mpaka kukhoma lakumbuyo. Chimene anthu ankadzera si nkhani za boma ayi, koma nthawi ya moni wa kumigodi, pamene woulutsa ankawerenga makalata a amuna a ku Luanshya, Mufulira ndi kwina, kutchula dzina, mudzi ndi uthenga. Pa Chikwa pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi munthu kumeneko.

Koma a Sakala sanaphunzitse za apongozi. Kwathu wothawa apongozi ndi mkamwini. Kuno ndi mkazi wokwatiwa. Sakhala chipinda chimodzi ndi atate a mwamuna wake, sawayang'ana kumaso, salankhula nawo. Mukakumana panjira amapatukira muudzu n'kugwada chofulatira mpaka adutse. Ndiye madoda, amuna akuluakulu a m'mudzi, akalowa m'kalasi n'kudzaza mabenchi, akazi onse ankatsala panja, poti aliyense anali ndi apongozi ake m'katimo. Eni ake a moni uja ankamvera pazenera, oyandikira okha. Ineyo, wosunga wailesi, sindinkatha kukhala ndi wailesi yanga, chifukwa agogo anu a Goma, atate a atate wanu, sankajomba. Anali munthu wanthabwala, wolima fodya wodziwika chigwa chonse, ndipo ankakhala benchi yoyamba. Ndinkatchera zonse msanga, n'kumva chifuwa chawo chikubwera panjira, poti ankatsokomola dala kuti ndidziwe, ine n'kutulukira khomo lakumbuyo.

1954

Woyang'anira masukulu a m'chigwa anali a Mtonga. Sindiwanamizira, anali munthu wolimbikira. Ankayenda panjinga kuyambira Kambombo mpaka Chifunda, kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo, njovu osaziopa, ndipo masukulu ena amene munaphunziramo anawayambitsa ndi iwo. Chilema chawo chinali chimodzi: mawu a mkazi sankalowa m'khutu mwawo. Atamva za akazi otsala panja anachita chisoni ndithu, ndipo mvula itatha anabwera ndi amuna awiri atapika chinthu pamtengo. Chinali chisipika cha m'galimoto ya kanema imene inafera ku boma, chili m'chibokosi chotalika ngati chitseko.

"Misitiresi Banda," anatero akupukuta thukuta, "vuto lanu ndalithetsa. Mwambo ukuletsa akazi kulowa m'nyumba? Basi, wailesi ituluke panja. Ichi tichimangirira pa mtengo wa msikizi apo. Amuna kutsogolo, akazi kutali kuseri kwa nkhokwe, aliyense amva, mwambo osasweka."

"Nzeru yotulutsa panja ndi yabwino, bambo," ndinayankha nditagwada, "koma a Sakala anatiuza kuti ampulifaya yathu siingakoke sipika yaikulu chotere."

"Sakala ndani? Uja wokonza mawaya? Ine ndinayamba kuyendera masukulu inu musanamere mano. Sipika yaikulu, mawu aakulu. Kodi zimenezi zikufunanso satifiketi? Kasipika kanu kaja kasungeni, muziikamo ulusi."

Ndinadzuka. Ndinalumikiza ndekha mawaya aja ndi manja anga, ndikudziwa kuti ndikulakwa. Zinachitika monga ananenera a Sakala. Ukapotokola pang'ono kachitsulo kokweza mawu, mawu ankamveka ngati udzudzu, mphepo n'kuwatenga. Ukapotokola mpaka kumapeto, ankasweka ngati ng'oma yong'ambika. Madoda okhala masitepe asanu kuchokera pamtengo ankatolako mawu ena, ndipo ankanyadira kukula kwa chibokosicho, alendo ochokera kutali ankabwera kudzangochiona. Koma ife kuseri kwa nkhokwe tinkangomva phokoso la njuchi m'mphako. Poyamba tinkamvako pazenera, manje tinasiyiratu. Ndipo ndani mwa madoda aja akanadzuka kukauza mpongozi wake kuti mwamuna wako wapereka moni? Mwambo womwewo unkatseka pakamwa pawo. Uthenga unkadutsa mwa apongozi aakazi, mwa alamu, n'kufika patapita masiku, nthawi zina osafika.

Apa ndi pamene pali manyazi anga. Moni wa kumigodi unkaulutsidwa kawiri pasabata, Lachitatu ndi Loweruka, koma a Mtonga analamula Loweruka lokha kuti batire lisathe msanga. Zipangizo zonse, kupatula chisipika cha pamtengo, zinkagona m'nyumba mwanga. Atate wanu anali atakhala chaka chathunthu osalemba. Lachitatu lina ana atawerukira kwawo, ndinatseka chitseko, ndinaika kasipika kaja pashelefu yanga pakati pa kaundula ndi buku la nyimbo, n'kutsegula pansipansi, iwe uli pamiyendo. Mawu anatuluka oyera ngati madzi a m'mchenga. Ndinachita zimenezi Lachitatu lililonse kwa miyezi itatu, ndekhandekha, kudikira dzina la atate wanu, anzanga akupsa ndi dzuwa Loweruka osamva kanthu. Ndinkadziuza kuti ndikaulula ndichotsedwa ntchito, ndipo mwana adya chiyani.

Panali mayi wina, NyaZimba, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi, wakamwa lakuthwa, wophika mowa. Mwamuna wake, a Kumwenda, anali atakhala chete zaka zinayi, ndipo alongo ake anali atabwera kuchokera ku Kambombo kudzanena kuti mwezi ukatha amutenga, pali wina womufuna. Iye sankafuna. Lachitatu lina ndinamva ndi makutu angawa woulutsa akuwerenga kuti a Kumwenda a ku Chikwa, amene ali ku Mufulira, akupereka moni kwa mkazi wawo NyaZimba, anavulala mwendo nthawi yaitali koma achira, abwera mvula ikatha, asachoke pakhomo. Ndinazimitsa wailesi. Ana anga, uthenga umenewo ndinausunga masiku asanu ndi limodzi. Ndinkamuona akudutsa ndi mtsuko, ine n'kuyang'ana kumbali. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinamva kuti wayamba kugawa nkhuku zake kwa anansi pokonzeka ulendo, ndipo ndinamutsatira kumtsinje kumene tinkakumba madzi mumchenga.

Atamva sanasangalale msanga. Anatula chikho n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wamva liti?"

"Lachitatu lapitali, amama."

"Lapitali! Iwe mwana wa kumtunda, mawu a mwamuna wanga unawakhalira ngati nkhuku pamazira? Umadikira aswe anapiye? Kodi kukoleji kwanuko amaphunzitsa zimenezi?"

"Ndimaopa ntchito."

"Ntchito! Ine ndimati ndikagone ndi nkhalamba ya ku Kambombo yopanda mano chifukwa cha ntchito yako." Anakhala pansi mumchenga n'kulira pang'ono, kenaka anamina n'kuseka. "Mwendo, ati. Chitsiru chija chinkalemba ndi mwendo? Leka kunjenjemera, NyaBanda, sindikakunenera. Koma Lachitatu undisiyire malo pamkeka, ndipo sindibwera ndekha."

Anabwera asanu ndi mmodzi. Sabata yotsatira khumi ndi awiri. Tinaitcha kalasi ya zosoka, ndipo kusoka tinkasokadi, kuti ndisakhale wabodza kotheratu. Pofika Okutobala tinkakhala akazi makumi awiri m'kachipinda kamodzi, kutentha kwa m'chigwa kuja, ana akuyamwa, palibe wotsokomola. Sindinkapotokola kupitirira theka. Kabokosi ka mlombwa kali pakona pake, woulutsa ankamveka ngati wakhala nafe pamkeka, mpaka akazi ena ankamuyankha kuti, "Yewo, adada," iye akapereka moni. Dzina la atate wanu silinatchulidwe ngakhale kamodzi. Koma ndinaona akazi asanu akumva maina a amuna awo ndi makutu awo, osadzera mwa munthu.

Disembala 1954

A Mtonga anabwera Loweruka lina mitambo itayamba kale kusonkhana kumapiri. Anabwera ndi batire latsopano, lomaliza misewu isanatsekeke, poti mvula ikayamba m'chigwa palibe cholowa kapena kutuluka mpaka Meyi. Ananena kuti Lolemba kubwera bwana wa maphunziro kudzaona wailesi ya pamtengo, imene iwo anali ataitama m'malipoti awo. Anandiitana m'kalasi anthu asanasonkhane.

"Mawu ndi ochepa chifukwa mphamvu ndi yochepa," anatero. "Batire lakale likadali ndi moyo. Lero mulumikize awiriwa pamodzi, tiyeseretu."

"Bambo, mavalavu apsa. Ena kulibe. Tikhala opanda wailesi mpaka Meyi."

"Ndi Sakala ameneyo wayambanso?"

"Ndi zimene ndinalemba m'buku, bambo. Ndingakuonetseni."

Sanafune kuona. Anatsitsa mawu n'kunena kuti: "Misitiresi, za kalasi yanu ya Lachitatu ndinazimva kalekale. Ndazisunga m'thumba chifukwa cha mwana wanuyo. Musandikakamize kuzitulutsa. Ngati manja anu akulemera, ndilumikiza ndekha, mawaya ndi awiri okha."

Ananyamula okha zipangizo kupita nazo pansi pa msikizi. Ine ndinapita kumalo kwanga kuseri kwa nkhokwe, iwe uli kumsana, thupi lako likutentha ndi malungo amene anali atakugwira masiku awiri. Ndinawerengera zonse ndili chiimire. Ndikakhala chete, mavalavu apsa, koma wolakwa sakhala ine pamaso pa anthu, ndipo mwina ntchito itsala. Ndikatuluka, ndapandukira mkulu wanga pagulu, komanso ndiyenera kudutsa pamaso pa agogo anu, amene anali atakhala kutsogolo penipeni, fodya ali m'manja. Ndinali ndisanawaonepo nkhope yawo bwinobwino chikwatiwire. NyaZimba anandifunsa chapansipansi chimene chikuchitika, ine n'kumuuza. Sanandiuze chochita. Anangoti, "Ndiye Lachitatu tizisokadi." Ndipo panali mtsikana wina pambali pathu, woyembekezera mwana woyamba, amene mwamuna wake anali atangopita kumene. Iye anafunsa kuti, "Mpaka Meyi?"

Sindikumbukira kuti ndinaganiza kutuluka. Ndinangoona miyendo yanga ikuyenda pabwalo. Madoda anasiya kulankhula. Kumbuyo ndinamva apongozi anga aakazi akuti, "Mayo ine, mwana uyu!" Ndinadutsa pakati pa mipando choimirira, osagwada, osafunda kumutu, chitenje changa chinatsala pang'ono kukhudza bondo la agogo anu. A Mtonga anali atawerama, waya wachiwiri ali m'manja. Ndinatsegula chivindikiro cha ampulifaya, ndinagwira valavu yoyamba patsinde monga anatiphunzitsira, kuigwedeza pang'onopang'ono mpaka inazuka, kenaka yachiwiri. Ndinawakulunga m'duku langa n'kuwalowetsa kumsana, m'mbereko, pakati pa ine ndi iwe.

"Bweretsani," anatero a Mtonga.

"Ayi, bambo."

"Ndati bweretsani katundu wa boma!"

"Ndikumusunga katundu wa boma. Ndiyo ntchito imene munandipatsa. Chotsani batire limodzi, ndibwezera manje manje. Awiri ayi." Musaganize kuti ndinaoneka wolimba. Koma ndinanenanso, mokweza kuti akumbuyo amve: "Chisipika ichi n'chachikulu kwa ampulifaya iyi. Ndinakuuzani tsiku loyamba. Akazi akhala miyezi isanu ndi iwiri osamva kanthu pamtengo pano."

Anayandikira sitepe imodzi, dzanja litatambasuka, kenaka anaima. Mwamuna sangapise dzanja m'mbereko ya mkazi wa mwini, pagulu, mwana ali momwemo. Ndiye anatembenukira kwa agogo anu. "Adada a Goma, mwaona zimene akuchita mpongozi wanu? Wakuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Muuzeni abweze."

Agogo anu anadzuka pang'onopang'ono, ananyamula kampando kawo, anakatembenuza kuti kayang'ane ku tsinde la msikizi, n'kukhalanso chondifulatira. Ananunkhiza fodya, anayetsemula, kenaka analankhula ndi mtengo.

"Iwe msikizi, uwauze aphunzitsi aakuluwa kuti ine mpongozi wanga sindimuona, mwambo sulola. Ndiye chimene wanyamula sindikuchidziwa, ndipo kulankhula naye sindingathe. Koma munthu amene akhudze nsalu ya mkazi wa mwana wanga, ameneyo ndimuona bwinobwino."

Wina anayamba kuseka n'kudzitseka pakamwa. A Mtonga anaponya waya pansi, anakwera njinga yawo osatsanzika. Tsiku limenelo kunalibe wailesi. Lolemba bwana uja sanabwere n'komwe, mitsinje inali itadzaza. Mwambo sunandisiye: ndinatumiza nkhuku kwa agogo anu yopepesa podutsa pamaso pawo. Anailandira, anaidya, n'kutumiza ntchafu imodzi m'kambale kuti ndi ya Tamara wodwala.

Dzinja lonse chisipika chinangolendewera pamtengo, mavu n'kumangamo. Poti zinali zitaululika kale, ndinasiya kubisa. Ndinaika kasipika pashelefu ya m'kalasi, Lachitatu akazi okha, Loweruka amuna okha. Madoda anadandaula sabata imodzi, kenaka anavomereza kuti manje akumva ngakhale kupuma kwa woulutsa. Koma ine tulo ndinalibe tabwino. Ndinkadziwa kuti kalata ikudikira msewu uume.

1955

Inafika mwezi wa Meyi, yondiitana ku boma. Ndinayenda nawe ulendo womwe uja chobwerera. Mu ofesi munali a Mtonga ndi kalaliki yemwe uja. Patebulo panali pepala loyera ndi cholembera.

"Sindikufuna kukuonongerani moyo, Misitiresi," anatero a Mtonga, ndipo ndikukhulupirira ankanena zoona. "Lembani apa kuti munachita mwano, kuti sipika ya pamtengo inalibe vuto, ndipo kuti munaononga batire la boma mwa inu nokha. Mukatero mubwerera ku Chikwa, pafupi ndi abale a mwana wanu. Mukakana, lipoti langa lipita mmene lilili."

Ndinatenga cholembera. Ndinaganiza za nyumba yanga ya ku Chikwa, za apongozi aakazi amene ankakudziwira mankhwala a chifuwa, za chilimwe cha kumalo kumene sindidziwa munthu. Ndinalemba kuti ndinalankhula mokweza kwa mkulu wanga pagulu, ndipo ndikupepesa. Ndinalemba kuti ndinatsegula wailesi Lachitatu popanda chilolezo. Kenaka ndinalemba kuti sipika ya pamtengo siigwirizana ndi ampulifaya ya mavalavu awiri, ndipo kuti mabatire awiri akanawapsereza. Ndinasaina.

Anawerenga kawiri. "Chotsani mizere iwiri yomalizayi."

"Yoyambayo ndi yanga, bambo, ndingaichotse kapena kuionjezera mmene mungafunire. Yomalizayi si yanga. Ndi mmene chinthucho chinapangidwira."

"Mukudziwa kuti ntchito yanu ingathe?"

"Ndakhala ndikudziwa kuyambira tsiku limene ndinailowa."

Sanandichotse ntchito. Aphunzitsi ofuna kukhala m'chigwa anali ochepa, ndicho chinandipulumutsa, osati chilungamo. Ananditsitsa kukhala wothandizira, n'kunditumiza ku Chifunda, kusukulu ya udzu yopanda wailesi, kumene ndinakhala zaka zinayi osakwezedwa, anzanga a kalasi imodzi akundipitirira. Kumeneko unadwala kawiri mpaka ndinataya mtima, ndipo ndinadzifunsa ngati mizere iwiri inali yoyenera moyo wa mwana. Sindinapeze yankho labwino nthawi imeneyo, ndipo sindikunamizani kuti ndinalipeza. Atate wanu anabwera patapita zaka ziwiri ndi njinga ndi jekete. Nditawafunsa chifukwa chimene sanatumizire moni pawailesi, anati sankadziwa kolembera. Zimenezo ndi za mutu wina, ndipo mwina sindidzaulemba.

Ndisanachoke pa Chikwa anandipatsa sabata imodzi yolongedza. Wailesi inatsala m'manja mwa mphunzitsi wamwamuna, munthu wofatsa woopa a Mtonga kuposa ine. Ndiye Lachitatu lomaliza sitinasoke. Ndinatsegula chivindikiro n'kuphunzitsa akazi aja mmodzimmodzi: waya wofiira apa, wakuda apa, sipika pakona, kupotokola theka lokha, batire limodzi. Aliyense anazula valavu n'kuibwezera, kugwira patsinde osati pagalasi. NyaZimba, amene sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, anachita bwino kuposa atsikana a kukoleji. Mwamuna wake anali atafika sabata yomweyo, akutsimphina, ndipo iye anali atamukalipira masiku atatu asanamuphikire.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza akazi asanu ndi atatu, atandisenzera katundu mpaka pamtsinje woyamba. Pamenepo ndinayamba kulira, osati chifukwa cha ulendo, koma nkhawa zanga zija. Ndinagwira NyaZimba dzanja.

"Amama, nanga a Mtonga akadzabweranso ndi mabatire awiri? Mphunzitsi uja sangakane."

Iye anatula sutikesi pamutu pake, anandisenzetsa, n'kukonza mbereko yako kuti isakupweteke khosi.

"Pita ukaphunzitse ana, NyaBanda, usiye kunjenjemera. Lachitatu timakhala akazi makumi awiri, aliyense ndi mwana kumsana. Adzayambira pa ndani kufufuza?"